Makalata a omvera: a Sajeni akufuna kubwerera m'kalasi

Moni nonse kuyambira ku Lizulu, Bembeke, Mlangeni mpaka kwa Kachindamoto kunsi uko. Chikwama sabata ino chadzadza, nde tisachedwe.

Achimwene a ku Tsangano mukuti ndiwapatse moni achikondi anu, moniyo ndapereka, koma mukaonekere kwa malume ake a mtsikanayo, pa wailesi sipakwatirika ayi. Alimi a kachewere amene mukudandaula mitengo ya mavenda, nkhani yanu tidzaikamba sabata ya mawa pamodzi ndi alangizi.

Tsopano kalata iyi, yachokera ku Lizulu. Akuti: "Ndine sajeni wopuma, ndinakasungitsako mtendere ku DRC. Ndili ndi zaka 47, MSCE ndinakhoza bwino, ndikufuna kulowa yunivesite kudzera ku mature entry, njira yolowera anthu akuluakulu, ndikaphunzire zaulimi. Ana anga akuti ndikawachititsa manyazi, anzanga a pa bawo akuti penshoniyo ndingogulira minibasi. Kodi ndapenga?"

A Sajeni, simunapenge, ndipo kalata yanuyi yandikhudza kwabasi. Njira mukufuna kuyendayi anayendapo asilikali anzanu ambirimbiri. Ku America, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe n'komwe, mu 1944, pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo limene amalitcha GI Bill. Boma limamulipirira msilikali wobwera ku nkhondo fizi mpaka madola 500 pachaka, kuphatikiza kandalama ka mwezi ndi mwezi koti adye ndi kulipira nyumba. Anthu ena ophunzira kwambiri sanakondwe nazo, mkulu wa yunivesite ya Chicago, Robert Hutchins, ankaopa kuti masukulu adzadzaza ndi anthu ongothawa ulova. Nde taonani zimene zinachitika, pofika 1947 pafupifupi theka la ophunzira m'makoleji a ku America anali asilikali akale, ndipo onse amene anadutsa ku koleji ndi lamulo limeneli anaposa 2 miliyoni. Malo ogona anachepa mpaka masukulu anamanga tinyumba ta malata tonga ta ku kampu, bambo akuwerenga pa tebulo, mayi akuyanika matewera panja, mwana akulira pambali, m'mawa bambo yemweyo kukakhala m'kalasi limodzi ndi anyamata oti ndevu sizinamere. Ndipo amakhoza, aphunzitsi omwe ankakayika aja anayamba kuwayamikira kuti ndi anthu okhwima maganizo, odziwa chimene abwerera.

Sikuti zonse zinali bwino ayi. Asilikali akuda, makamaka a kummwera kwa dzikolo, mayunivesite ambiri a azungu amawakaniza, masukulu a anthu akuda nawo anadzadza mpaka ena kubwezedwa pakhomo, chonsecho nkhondo anamenya imodzi.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha kwathu kuno. Agogo athu a King's African Rifles anakamenya nkhondo yomweyo, ku Abyssinia (Ethiopia ya lero), mpaka ku nkhalango za Burma, ena sanabwerere. Amene anabwerera analandira mamendulo ndi kandalama kochepa basi, n'kubwerera kukhasu. Ngakhale akanafuna sukulu akanapita kuti? M'dziko la Nyasaland munalibe yunivesite, University of Malawi inatsegula zitseko mu 1965, patatha zaka 20 nkhondo itatha. Inu a Sajeni lero muli ndi Bunda pafupi pompa ku Lilongwe, muli ndi maphunziro oti mukuwerengera kunyumba n'kumangopita nthawi ndi nthawi, zimene agogo aja sanazilote n'komwe, nde muzisiye chifukwa cha mawu a pa bawo? Munthu woti munkadzuka mbandakucha pa perete kukuzizira ngati ku Dedza mu Juni, mungaope kalasi ya 8 koloko? Kkkk ayi ndithu, mwina inuyo ndi amene muzikadzutsa anawo.

Koma ndikuuzeni zoona, musathamange. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba muwerengere limodzi, fizi ya ana isaime chifukwa cha fizi yanu. Kafunseni ku sukuluko zimene akufuna kwa olowa pa mature entry chaka chino, musadalire zomva m'minibasi. Masamu ndi Chingerezi muyambiretu kupukuta fumbi, ana omwe akuchita manyaziwo akuthandizeni madzulo.

Ndipo ana inu, ngati mukumvera, bambo anu anakuphunzitsani ndi malipiro a yunifolomu ija, manyazi ake ati? Ndikulankhula chonchi chifukwa si kalata yoyamba iyi. Tinawerengapo ya mayi wina wa ku Bembeke amene anabwerera Fomu 3 atabereka, anzake pa mjigo kumamunena kuti akufuna amuna ku sukuluko. Ina inali ya agogo oyamba sukulu ya kwacha, adzukulu kumawaseka akamagwira pensulo. Khalidwe limeneli latikulira m'midzimu, munthu akagula njinga yamoto tonse kuombera m'manja, akagula kope tiyamba kunong'onezana. Tisiye abale anga, mafumu ndi azibusa tithandizeni kulankhulapo.

A Sajeni, mukatenga mafomu mutilemberenso, tidziwe mmene zikuyendera.

Yomaliza, achemwali a ku Golomoti mukufunsa ngati timalandira makalata a pa WhatsApp. Eya timalandira, bola mulembe mudzi ndi mfumu yanu.