Kodi Virgil van Dijk ndi wochedwa? Bodza limeneli lithere pano

Musanalembe chilichonse m'munsimo, yankhani kaye funso ili. Mu Champions League ya 2018/19, ndani anathamanga liwiro lalikulu kuposa osewera onse? Mbappé analimo. Salah analimo. Leroy Sané ndi Gareth Bale nawonso analimo. Mwa onsewa palibe ndi mmodzi yemwe. Anali Virgil van Dijk, wotchinga kumbuyo, chimphona chija chimene ena mumati chimangoyenda m'bwalo. Makilomita 34.5 pa ola, malinga ndi lipoti la UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya.

Takulandirani, anzanga okonda mpira. Ngati n'koyamba kufika kuno, dinani batani la subscribe lija pompano, belu nalo musaliiwale. Tiyeni.

Mbiri yake mwachidule, poti ambiri mukuidziwa kale. Anabadwira ku Breda, dziko la Netherlands, mu 1991. Anasewera ku Groningen, anapita ku Celtic mu 2013, ku Southampton mu 2015, kenako Liverpool inamugula mu Januwale 2018 pa mapaundi 75 miliyoni. Nthawi imeneyo panalibe wotchinga kumbuyo amene anagulidwapo ndalama zotere. Basi, mbiri yatha.

Choyamba: n'chifukwa chiyani nkhani ya liwiro ili yofunika kwa iyeyu? Chifukwa cha Jürgen Klopp, amene anali mphunzitsi wa Liverpool panthawiyo. Timu ya Klopp inkakwera yonse kukapanikiza adani kwawo komweko, otchinga kumbuyo n'kumaima pafupi ndi mzere wapakati. Kumbuyo kwawo kunkatsala malo aakulu opanda munthu. Mpira umodzi wokha wodutsa pamwamba, ndiye kuti ndi mpikisano wothamanga. Wotchinga wochedwa sangakhalitse m'timu yosewera choncho.

Chachiwiri, ndipo apa khalani bwino chifukwa ndichedwapo. Bodza lija lakuti munthu wamtali, wa thupi lalikulu, sathamanga. Abale anga, bodza limeneli limandinyansa! Vidiyo iliyonse imene ndatchula Van Dijk, pamapezeka wina wolemba kuti, “Uyu ndi mutu chabe, miyendo alibe.” Akulu, inu amene mumalemba zimenezi, lero ndi tsiku lanu.

Liwiro la munthu limachokera pa zinthu ziwiri: kutalika kwa sitepe imodzi, ndi kuchuluka kwa masitepe amene akuponya pa sekondi. Wosewera wamfupi amaponya masitepe ambiri aafupiafupi, miyendo ikuphethira, manja ali balalabalala, ndiye diso lanu limati, eee, uyu ndiye akuuluka. Wamtali amaponya masitepe ochepa koma aatali. Thupi lili phee, nkhope yosasintha. Diso limawerenga khama limene likuoneka, osati mtunda umene munthu wadutsa. Van Dijk, yemwe kutalika kwake kumaposa mamita 1.90, akamathamanga amaoneka ngati akungowongola miyendo, koma taonani amene iyeyo akumuthamangitsa uja, mpata wapakati pawo ukuchepa.

[Chithunzi cha Usain Bolt, Berlin 2009]

Mukufuna umboni? Munthu wothamanga kwambiri m'mbiri yonse, Usain Bolt, ndi wamtali mamita 1.95. Ku Berlin mu 2009 anamaliza mamita 100 m'masekondi 9.58, ndipo anaponya masitepe pafupifupi 41 okha, pamene anzake ankafunika angapo oposa pamenepo. Kodi Bolt nayenso ndi mutu chabe?

Mukuti zimenezo ndi za mpikisano wothamanga, si mpira? Chabwino, tibwerere ku Premier League. Mu Januwale 2024, Micky van de Ven wa Tottenham anafika makilomita 37.38 pa ola posewera ndi Brentford, kuphwanya rekodi ya Kyle Walker ya 37.31. Van de Ven ndi ndani? Wotchinga kumbuyo wapakati, wa ku Netherlands komweko, wamtali mamita 1.93. Walker naye ndi wakumbuyo. Ndiye mundiuze, bodzali linachokera kuti?

Ndikuuzeni kumene linachokera. Womwetsa zigoli akathamanga, kamera imamutsata, chigoli chimalowa, vidiyo yake imazungulira pa intaneti sabata yonse. Wotchinga akathamanga, mathero ake ndi oti palibe chachitika. Wafika msanga, wautenga mpira, waubwezera kwa goloboyi. Ndani angadule kavidiyo ka zimenezo? Ngakhale liwiro lija la 34.5, Van Dijk analithamanga ku Camp Nou, bwalo la Barcelona, pa 1 Meyi 2019, tsiku limene Barcelona inathibula Liverpool 3-0. Amene amakumbukira usiku umenewo amakumbukira mpira woima wa Messi uja. Amene amakumbukira sabata yotsatira amakumbukira Liverpool ikubwezera 4-0 kwawo ku Anfield. Kuthamanga kwa Van Dijk kunangokwiririka pakati.

Pang'ono pokha: ngati mwafika mpaka pano, ponyani like, chifukwa YouTube ikaona like ndi pamene imaonetsa vidiyoyi kwa ena. Ndipo amene muli ndi mnzanu wa Manchester United wosamva zonena, mutumizireni.

Chachitatu, kuwerenga masewero. Apa ndikuonetsani kamphindi kamodzi kokha. Pa 31 Malichi 2019, Liverpool ndi Tottenham ku Anfield, zigoli 1-1, kwatsala mphindi zochepa. Moussa Sissoko wa Tottenham akubwera ndi mpira, mnzake Son Heung-min ali kudzanja lake lamanja, kumbuyo kwatsala Van Dijk yekha. Awiri kwa mmodzi. Wotchinga wamba akanathamangira Sissoko, Sissoko n'kupatsira Son, nkhani n'kuthera pomwepo. Van Dijk ayi. Akubwerera m'mbuyo, thupi lake walitsekera njira yopita kwa Son, mutu ukutembenuka uku ndi uku. Wasankha yekha amene amenye mpirawo, ndipo wasankhanso mwendo: Sissoko, wakumanzere, mwendo umene sadalira. Pomaliza penipeni ndiye akumuyandikira. Mpira uja pamwamba pa golo, kwa masapota. Liverpool inapambana 2-1.

Onaninso kamphindiko mofatsa. Kuti uchite zimenezi uyenera kuyenda liwiro limodzi ndi anthu awiri amene akuthamanga ndi mtima wonse, uku ukuganiza. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamalekanitsa kuti uyu ndi wanzeru, uyu ndi waliwiro. Amalimba mtima kudikira chifukwa akudziwa kuti akafuna kufika, afika. Kuyambira Malichi 2018 mpaka Ogasiti 2019, masewero 50 a Premier League, palibe anamudyetsa njomba n'kumudutsa, kufikira Nicolas Pépé wa Arsenal.

Chachinayi, ndipo ichi ndi cha inu otsutsa, kuti musanene kuti ndakondera. Pali pamene muli ndi mfundo. Liwiro lapamwamba ndi kunyamuka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bolt yemweyo ankafika pachimake atadutsa mamita 60, pamene mu mpira nthawi zambiri kuthamanga kumakhala kwa mtunda waufupi. Pa masitepe oyambirira ndi potembenuka mwadzidzidzi, wamfupi amakhala ndi mwayi. Komanso mu Okutobala 2020 Van Dijk anaduka mtsempha wa pabondo atawombana ndi Jordan Pickford wa Everton, ndipo anakhala kunja mpaka nyengo yonse kutha. Zaka nazo zapita. Sindikunena kuti lero angapikisane ndi Van de Ven. Koma munthu yemweyo, ndi bondo lomwelo, ananyamula chikho cha Premier League mu 2025 ali kaputeni.

Nanga luso lake lonse, kodi limapeputsidwa? Apa ndiye sindivomera kwenikweni. Munthu amene anakhala wachiwiri pa Ballon d'Or ya 2019, mphotho ya wosewera wabwino koposa pa chaka, kumbuyo kwa Messi ndi mapointi 7 okha, simunganene kuti dziko silinamuone. Chimene anthu sanachione ndi miyendo.

Tsopano ndi nthawi yanu. Lembani m'munsimo wotchinga kumbuyo mmodzi amene mukuona kuti Van Dijk wa 2019 sakanamupeza pa mamita 30, ndipo mupereke chifukwa, osangotchula dzina n'kuthawa. Mayankho abwino ndiwawerenga m'vidiyo ikubwerayi, momwe tikambirane za Kyle Walker ndi Mbappé pa World Cup ya 2022. Ya malamulo a ofusayidi ili apa kudzanja lamanja, dinani.