Makalata a omvera: nyumba kaye, zina pambuyo

Sabata yatha tinafunsa kuti maboma a kunja amatani ndi anthu amene agona mumsewu zaka zambiri, makamaka odwala maganizo ndi amene anagwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Mwayankha ndithu. Tiyambe ndi kalata ya mayi wina wa ku Manchester, amene ntchito yawo ndi kuyendera anthu otere akalowa m'nyumba. Akuti:

"Kale munthu ankakwera makwerero. Ayambe wagona m'holo ya anthu ambiri, asiye mowa, azimwa mankhwala akuchipatala mosadumphitsa, ndipo akaoneka kuti wasintha, ndiye apatsidwe nyumba. Ambiri ankaterereka panjira n'kubwerera mumsewu. Njira yotchedwa Housing First, imene Sam Tsemberis anayambitsa ku New York mu 1992, imayamba ndi kiyi. Munthu amasainira yekha pangano la lendi, ndipo sauzidwa kuti asiye kaye mowa. Malamulo ake ndi a aliyense wokhala m'nyumba ya lendi: alipire, asawononge, asasowetse aneba mtendere. Kuno ku England boma linaika mapaundi 28 miliyoni kuti njirayi iyesedwe ku Greater Manchester, Liverpool ndi West Midlands kuyambira 2018. Wothandizira mmodzi asakhale ndi anthu oposa 7. Masabata oyamba amafika kangapo pa sabata: kumulembetsa kwa dokotala, kumutsegulitsa akaunti ku banki, kukonza kuti ndalama ya lendi yochokera ku boma izipita kwa mwini nyumba mwachindunji. Zimene zimavuta kwambiri ndi ziwiri. China ndi kusungulumwa: munthu wazolowera gulu, ndiye makoma anayi amamulemera, amabwerera kwa anzake usiku. China ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, amene amadzipanga abwenzi n'kusandutsa nyumbayo msika wawo. Aneba akadandaula, wothamangitsidwa ndi iye. Zikatero wothandizira samusiya, amamufunira nyumba ina kudera lina."

Zikomo kwambiri mayi. Omvera, mawu omalizawo musawaphonye. Nyumba ndi chithandizo anazilekanitsa dala, kuti china chikatayika chinzake chitsale. Ndipo si zaulere ayi: ku New York munthu amaperekako 30 peresenti ya ndalama imene amalandira.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Lilongwe wodziwa za mapulani a mizinda. Iwo akuti tisamangotama Finland osaona chimene anachita:

"Mu 1987 dzikolo linali ndi anthu osowa pokhala pafupifupi 18,000. Pofika 2023 anali osakwana 3,500. Ndondomeko ya boma yotchedwa PAAVO, yotsata njira ya Housing First, inayamba mu 2008, ndipo boma, makhonsolo a mizinda ndi mabungwe anasainirana kuti mzinda uliwonse upeza nyumba zingati. Maholo ogonamo anthu ambiri anawagumula m'kati n'kuwasandutsa mafulati. Chitsanzo ndi nyumba ya Salvation Army ya pa Alppikatu ku Helsinki: munali mabedi 250, koma mu 2012 munatuluka mafulati 81, ndipo ogwira ntchito amakhala pomwepo usana ndi usiku. Bungwe la Y-Foundation, limene linayamba mu 1985, limagula ndi kumanga nyumba zotsika mtengo, ndipo lero lili ndi zoposa 18,000. Khonsolo ya Helsinki ndiyo mwini wa malo ambiri mumzindawo, choncho imanena yokha kuti pamangidwe nyumba zotani. Popanda nyumba zenizeni, Housing First ndi dzina chabe."

Mwalasa bambo. Ndingowonjezera kuti mabedi 250 kusanduka mafulati 81 ndiye kuti enawo anafunika nyumba kwina, n'chifukwa chake kugula mafulati omwazikana m'mizinda kunayenda limodzi ndi kugumulako. Njira ziwirizi zili ndi mavuto osiyana. Mukawaika onse pamodzi, chithandizo chili pafupi koma amene akufuna kusiya mowa amakhala khomo ndi khomo ndi amene akumwabe. Mukawamwaza, wothandizira amathera tsiku m'basi. Komanso zimene zatsika zimatha kukweranso: mu 2024 boma la Finland linachepetsa ndalama yothandizira lendi, ndipo chaka chomwecho chiwerengero chinakwera koyamba patadutsa zaka zoposa khumi.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wowerengera ndalama ku Johannesburg: "Boma la Utah ku America linalengeza mu 2015 kuti lachepetsa osowa pokhala a nthawi yaitali ndi 91 peresenti. Koma m'zaka zimenezo anasintha kawerengedwe, ndiye nambalayo siyodalirika. Funso langa: kodi n'zoona kuti njirayi imadzilipira yokha?"

Za Utah mwanena zoona bambo. Ku America, kuti munthu alowe m'gulu limeneli ayenera kukhala ndi ulumali kapena matenda okhalitsa, komanso kuti wakhala wopanda nyumba chaka chathunthu, kapena kanayi m'zaka zitatu. Mukasuntha pang'ono tanthauzo limeneli, nambala imasunthanso.

Za ndalama, yankho labwino lili ku Canada. Kuyambira 2009 mpaka 2013 boma linaika madola 110 miliyoni pa kafukufuku wotchedwa At Home/Chez Soi m'mizinda isanu: Vancouver, Winnipeg, Toronto, Montreal ndi Moncton. Anthu pafupifupi 2,000 anagawidwa mwamaere, ena kulandira nyumba ndi chithandizo, ena kutsata njira yakale. M'miyezi 6 yomaliza, 62 peresenti ya olandira nyumba anakhalamo nthawi yonse, pomwe gulu linalo anali 31 peresenti. Pa madola 10 aliwonse ogwiritsidwa ntchito pa odwala kwambiri, madola 9.60 anapulumuka ku zipatala, kundende ndi kumaholo ogonamo. Pa odwala pang'ono anapulumuka madola 3.42 okha. Ndiye imatsala pang'ono kudzilipira pa odwala kwambiri, koma pa enawo boma liyenera kupisa m'thumba. Ndipo pa nkhani ya mowa ndi mankhwala, magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Amene amalonjeza nduna kuti kiyi athetsanso uchidakwa akulonjeza zimene kafukufukuyo sanapeze.