Musataye power supply ya kompyuta yakufa

Omvera athu kuno ku Lilongwe, lero tikambirana za zipangizo zamagetsi zimene zinafa m'nyumba zathu, ndipo ndikufuna tikhazikike pa kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani kamene kamagawa magetsi m'kompyuta ya patebulo, kamene amisiri amakatcha power supply. Kompyuta ikhoza kufa kabokosika kali kabwinobwino, ndipo ngati mulibe yanu, funsani kwa okonza mawailesi ndi makompyuta mumsika waukulu wa mumzinda uno kapena cha ku Malangalanga.

Ntchito yake ndi kulandira mavoti (volts, muyezo wa mphamvu ya magetsi) 230 ochokera pasoketi ndi kuwatsitsa kufika pa mlingo woti munthu angaphunzirirepo mopanda mantha. Yang'anani mitundu ya mawaya otuluka m'kabokosimo. Waya wachikasu amapereka mavoti 12, wofiira amapereka 5, wa mtundu wa lalanje amapereka 3.3, pamene akuda onse ndi negetivu. Pa pulagi yaikulu ya mawaya ambiri pali waya mmodzi yekha wobiriwira, ndipo kabokosika sikayaka pokhapokha mutamulumikiza kwa wakuda. Mwanzeru ndi kuika switch pakati pa awiriwa. Fani ikayamba kuzungulira, tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muike chingwe chake chakuda pa waya wakuda, chofiira pa wachikasu, muwerenge nokha musanalumikize china chilichonse. Ma power supply ena akale amayaka n'kuzima nthawi yomweyo chifukwa amafuna chinthu chokoka magetsi, choncho ikani resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya maohm 10, ya mawati 10, pakati pa wofiira ndi wakuda, koma pamalo popita mphepo poti imatentha.

Pa mavoti 12 mukhoza kuyendetsa mafani ena a m'kompyuta momwemo kapena wailesi ya m'galimoto. Pa mavoti 5 yesanipo timamota tochokera mu DVD ndi timagetsi ta LED tochokera m'matochi akufa. LED musailumikize yokha, chifukwa ipsa musanaphethire. Itsogozeni ndi resistor ya maohm 330, mwendo wautali wa LED uloze ku waya wofiira. Ine ndimalimbikitsanso kuika fyuzi ya galimoto pa waya amene mukugwiritsa ntchito, pakuti kabokosika kali ndi mphamvu yokwanira kusungunula waya wopyapyala mawaya akagundana. Mawaya otsala muwadule, aliyense mum'kulunge tepi payekha.

Tsono mvetsetsani apa, makamaka makolo amene ana anu amakonda kumasula zinthu. Kabokosika musakatsegule, chifukwa makapasita (zosungira magetsi) aakulu a m'katimo amafika mavoti oposa 300, ndipo amatha kusungabe magetsi ngakhale mutazula pulagi. Zonse tafotokozazi zimachitikira kunja, pa mawaya. Microwave isiyeni kotheratu, ngakhale wina atakupatsani yaulere: thiransifoma yake imatulutsa mavoti pafupifupi 2,000, ndipo kapasita yake ikhoza kupha munthu makinawo ali ozimitsa. N'chimodzimodzinso TV zakale zija za chimsana. Zimenezo ndi za amisiri ophunzira.

Pochotsa tizipangizo pa bolodi la wailesi yakale, tenthetsani mtovu ndi chitsulo chowotcherera muli pakhonde kapena pafupi ndi zenera, kokani mwendo umodzi umodzi ndi pulayala, kenako musambe m'manja musanagwire chakudya. Chilichonse chimene mwachotsa muchiyeze ndi multimeter, ndipo kapasita yotupa pamwamba kapena resistor yoderera ndi moto musaisunge.