Musanagule Kamera Yatsopano, Mvetserani Kaye Mawu

(Wofotokoza wakhala patebulo. Foni yomujambula ili mamita atatu kuchokera pomwe ali. Fani ikuzungulira.)

Mukundimva? Mwina pang'ono. Tadikirani.

(Akuzimitsa fani, kenako akupana kamaikolofoni pakolala ya malaya.)

Nanga pano? Kamera ndi yomwe ija, chipinda ndi chomwe chija. Ndangozimitsa fani n'kuvala kachipangizo aka.

Matelala, okonza tsitsi, akalipentala, oimba, aliyense akafuna vidiyo yotsatsira ntchito yake amayamba ndi funso limodzi: ndigule kamera yanji? Kamera muli nayo kale m'thumba. Foni yojambula pa 1080p (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi) ndi yokwanira. Chimene chimathawitsa woonera ndi mawu. Chithunzi chikakhala chosawala bwino munthu amapirira, koma mukamamveka ngati mukulankhulira mumgolo, chala chake chapita kale pa vidiyo ina.

Vuto ndi mtunda. Mukawirikiza kawiri mtunda wapakati pa pakamwa ndi maikolofoni, mawu anu amatsika ndi madesibelo (muyezo wa mphamvu ya mawu) pafupifupi 6, pomwe phokoso la firiji ndi la magalimoto limakhala chimodzimodzi. Foni yoima patali imatola zonsezi, kuphatikizapo mawu anu omwe akubwerera kuchokera kumakoma. Choncho kamaikolofoni kakhale masentimita pafupifupi 20 kuchokera pakamwa, pamalo pomwe malaya kapena mkanda sizikukakhudza. Ngati makoma ndi opanda kanthu, pachikani bulangete kuseri kwa kamera, poti nsalu imameza mawu obwerera. Apa telala ndiye wamwayi, shopu yake ndi yodzaza kale ndi nsalu. Ndipo chonde, jambulani masekondi khumi oyeserera, muwamvetsere ndi mahedifoni. Ine ndinajambulapo kwa ola lathunthu maikolofoni ili yozima, ndinazindikira nditafika kale pakompyuta.

(Akuimirira zenera lili kumbuyo kwake. Nkhope ikuda.)

Taonani. Foni yatengeka ndi kuwala kwa pazenera, ine ndasanduka chithunzithunzi.

(Akutembenuka kuti kuwala kumufikire chapambali.)

Zenera likhale kutsogolo kwanu, chapambali pang'ono. Mbali ya nkhope yomwe yada, iwalitseni ndi pepala lalikulu loyera loikidwa moyang'anizana ndi zeneralo. Dinani pankhope pasikirini osachotsa chala mpaka foni ikhazikitse focus (malo omwe akuoneka bwino pachithunzi) ndi kuwala, kuti isamasinthesinthe muli mkati molankhula.

Mukamajambula ndi mababu, nthawi zina chithunzi chimaphethira kapena mumadutsa mizere. Foni sinawonongeke ayi. M'mayiko momwe magetsi ndi a 50Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi) jambulani pa mafelemu (zithunzi) 25 pa sekondi, momwe ndi a 60Hz sankhani 30. Ngati pulogalamu yanu imalola kusintha shutter (nthawi yomwe kamera imalandira kuwala pa felemu iliyonse), pa mafelemu 25 ikani 1/50 ya sekondi.

Lenzi ipukuteni. Zoom ya zala isiyeni, sendezani foniyo pafupi.

Musanadine batani lofiira, dziwani komwe vidiyoyo ikupita. TikTok, Instagram Reels ndi YouTube Shorts zimafuna yoimirira, ya 9:16. Vidiyo yaitali ya pa YouTube ndi yogona, 16:9.

(Pafupi kwambiri: singano ya makina ikulowa m'nsalu, zala zikuwongolera mpendero.)

Poyambira ndi apa. Osayamba ndi chizindikiro cha bizinesi chikuzungulirazungulira, kapena moni wautali. Onetsani manja akugwira ntchito, dzina libwere pambuyo. Tizithunzi tapafupi ngati iti jambulani tambiri, chifukwa ndi timene mudzaphimbire malo omwe mwadula pamene munakakamira polankhula.

Podula ndi kulumikiza vidiyo, pulogalamu ya CapCut imagwira ntchito pafoni, ndipo DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wapakompyuta. Ikani mawu olembedwa pansi, poti ena amaonera foni itatsekedwa mawu. Nyimbo za eni ake zisiyeni. YouTube ili ndi Content ID yomwe imazizindikira, ndipo mwini nyimbo akhoza kutsekereza vidiyo yanu kapena kutenga ndalama zake zotsatsira. Mu YouTube Audio Library muli zaulere. Nyimboyo muitsitse mawu ndithu, isapikisane ndi mawu anu.

Mukamaliza, musaitumize msanga. Bwerekani foni ya mnzanu, muiseweretse pa kasipika kake muli panja paphokoso. Pakakhala liwu lomwe simunalimve, bwererani pakompyuta.