Umboni wa Nsima: Kuona Chikondi cha Mulungu pa Tsiku Wamba

[Wolankhula akuyang'ana kamera]

Moni nonse, kulikonse kumene mukuonera. Ndikufunseni kaye. Ikakwana nthawi ya maumboni kutchalitchi kwanu, ndi umboni wotani umene umadzutsa nthungululu? Wina wagula galimoto. Wina viza yatuluka. Wina madokotala anali atamutaya, lero akuvina kutsogolo. Zonsezi n'zoyenera kululutira, sindikukana. Koma tayerekezani mayi wina waimirira n'kunena kuti, "Abale, sabata yonseyi ana anga agona atadya." Anthu amangoti "ameni" wa pakhosi, maso ali kwa wotsatira.

Vuto lathu lagona pamenepo. Tazolowera kufunafuna chikondi cha Mulungu pa zinthu zodzidzimutsa zokhazokha, ndiye tsiku likadutsa popanda chodabwitsa timayesa kuti watiiwala. Baibulo silitiphunzitsa choncho.

[Pa kanema: chipululu m'mamawa, mame pansi]

Pitani pa Eksodo 16. Aisraeli ali m'chipululu, chakudya chatha. M'mawa uliwonse mame akauma, pansi pankatsala tinthu toyera, tokoma ngati mkate wothira uchi. Ndiye mana aja. Munthu ankatola zokwanira tsiku limodzi basi. Wosungira mawa ankapeza zitagwa mphutsi ndi kununkha, kupatula tsiku loti mawa ndi Sabata, pamene ankatola za masiku awiri. Zimenezi zinachitika kwa zaka 40.

Tsono mvetserani zimene zili pa Numeri 11. Mana aja ankawapera pamphero kapena kuwasinja mumtondo, n'kuwaphika mumphika. Inde, mumtondo. Chakudya chochokera kumwamba chinkafunabe musi, nkhuni ndi munthu wokhala pamoto. Patapita nthawi anthu anayamba kulira, kukumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Ejipito, kumene anali akapolo. Ankadandaula kuti palibe china chimene akuona koma mana okhaokha. Chozizwitsa sichinasiye kugwa ayi. Chinangobwera tsiku ndi tsiku mpaka maso anachizolowera, n'kuyamba kuchitcha chakudya chotopetsa.

Ife timawaseka Aisraeli amenewa. Koma kodi m'mawa uno munadzuka ndi maganizo otani, oti mwadzuka, kapena oti magetsi azima?

[Pa kanema: mvula ikugwa pamunda wa chimanga]

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ili pa Machitidwe 14. Paulo ndi Barnaba ali ku Lusitara. Paulo wachiritsa munthu wolumala chibadwire, ndipo mzinda wonse wasokonezeka. Anthu akufuula kuti milungu yatsika, Barnaba amutcha Zeu, Paulo amutcha Herme, wansembe wa Zeu wabwera kale ndi ng'ombe zamphongo ndi nkhata zamaluwa kuti apereke nsembe. Mlaliki wina akanati apa ndiye pamene utumiki wakula. Koma awiriwa anang'amba zovala zawo. Ndipo pofuna kuwaonetsa anthuwo Mulungu wamoyo, Paulo sanaloze munthu wochiritsidwa uja, ngakhale anali pomwepo. Analoza mvula. Anati Mulungu sanakhale wopanda umboni, chifukwa amakupatsani mvula, nyengo za zokolola, chakudya, ndi chimwemwe m'mitima. Onani pa vesi 17.

Ndiye kuti kwa Paulo, mvula ya mu Disembala, nkhokwe yodzaza mu Meyi, ngakhale kuseka kwa banja likudya madzulo, ndi umboni wokwanira kulalikira nawo kwa anthu amene sanamvepo za Mulungu.

[Wolankhula]

Chizindikiro china chimene timachiphonya kawirikawiri chimabwera ndi miyendo iwiri. Pa 1 Mafumu 17, nthawi ya chilala, Eliya ankadyetsedwa ndi makungubwi kumtsinje wa Keriti, mkate ndi nyama m'mawa ndi madzulo. Mtsinjewo unaphwa. Mulungu akanatha kutulutsa madzi pathanthwe monga anachitira kale, koma anamutumiza ku Zarefati, kwa mayi wamasiye amene anali kutola nkhuni kuti aphike kaufa kotsiriza, adye ndi mwana wake, kenako adikire imfa. Mneneri wamkulu anakhalira moyo m'manja mwa munthu wosauka kuposa iye.

Amene munagwedwapo maliro mukudziwa chimene ndikunena. Uthenga usanafike n'kutali komwe, pabwalo pafika kale nkhuni. Wina wabwera ndi kalichero ka ufa, wina mchere, wina wangobwera ndi mpando. Amayi a Mvano, a Dorika kapena a mumphakati avala yunifolomu, akhala pamkeka ndi namfedwa usiku wonse, nyimbo ikatha wina ayambitsa ina. Kumanda adzukulu ayamba kukumba dzuwa lisanatuluke, palibe amene wawalemba ganyu. Mayi wina amene simunayankhulanepo naye bwinobwino ndiye akukukakamizani kuti, "Imwaniko phala pang'ono, mugwa." Patsikulo mwina munafunsa kuti Mulungu ali kuti. Funso limenelo n'lomveka. Koma phala lija linabweretsedwa ndi ndani, nanga anamutuma ndani?

[Pa kanema: chithunzi cha phiri la Soche]

Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa chiphunzitso ichi chikagwiridwa mwakhungu chimavulaza. Ngati chakudya ndi thanzi ndi zizindikiro za chikondi cha Mulungu, kodi njala ndi matenda ndi zizindikiro zoti wakuda? Ayi, ndipo Yesu mwini anakana. Pa Luka 13 akunena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kufa. Akufunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kuyankha yekha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira akufunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, iye kapena makolo ake. Yankho n'lomwelo, palibe mwa iwo.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba za ku Chilobwe n'kukwiririka. Amene nyumba yake inatsala ali ndi chifukwa chothokozera. Koma asadzaimirire n'kunena kuti anapulumuka chifukwa Mulungu amamukonda kuposa mnansi wake amene anapita. M'matope aja munatsala anthu opemphera, ana osalakwa, oimba kwaya. Umboni wotere umabaya amasiye amene akhala pabenchi lomwelo. N'chifukwa chake chikhulupiriro chathu chimaika chizindikiro chachikulu pamalo amene mphepo singachisunthe. Aroma 5 vesi 8 akuti Mulungu anaonetsa chikondi chake pamene Khristu anatifera tikadali ochimwa. Zina zonse, mvula, nsima, anzathu, zimabwera n'kupita, ndipo si sikelo yoyezera amene akukondedwa kwambiri.

[Wolankhula, chapafupi]

Nanga maso amaphunzira bwanji kuona? Pali njira yakale imene Mkhristu wa mpingo uliwonse angathe kuigwiritsa ntchito. Inachokera kwa Ignatius wa ku Loyola, munthu wa ku Spain amene anabadwa mu 1491. Anali msilikali, ndipo mu 1521 chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo pankhondo ya ku Pamplona. Ali chigonere miyezi yambiri anayamba kuona kanthu kena mwa iye yekha. Akamalota za kutchuka ndi ulemerero ankasangalala pa kanthawi, kenako mtima unkatsala wouma. Akamaganiza zotumikira Mulungu, mtendere unkakhalitsa. Kuyambira pamenepo anaphunzira kutchera khutu ku zochitika za tsiku, ndipo gulu la ansembe a Chijezuwiti, limene iye anayambitsa ndi anzake ndipo Papa analivomereza mu 1540, limachitabe pemphero limeneli mpaka lero.

Zimatenga mphindi 15. Madzulo, foni ili pambali, mumayamba ndi kuthokoza, osati kupempha. Mukatero mumapempha Mulungu akutseguleni maso, n'kulibwereza tsiku lonse m'maganizo ola ndi ola, kuyambira podzuka. Apa ndiye pali ntchito. Musanene kuti "zikomo chifukwa cha zonse", pemphero limenelo ndi la munthu wa tulo. Tchulani chinthu ndi dzina lake. Kondakitala anakubwezerani chenji chimene munaiwala. Mutu umene unkawawa m'mawa unaleka cha m'ma 10 koloko, inu osazindikira n'komwe. Munali pafupi kumuyankha mwano apongozi anu, lilime linagwira. Vesi lina linangobwera m'mutu muli pamzere wa kuchipatala. Mukapeza pamene munalakwa, mupepese mosazungulira, kenako muike mawa m'manja mwake.

Masiku ena simudzapeza kanthu koma kutopa ndi mkwiyo. Nenani zomwezo, Masalimo adzaza ndi mapemphero otero, ndipo ena ngati Salimo 88 amatha osatonthozedwa n'komwe.

Yesani usiku uno. Ndipo ngati pa zimene mwakumbukirazo patuluka dzina la munthu, mawa mumuimbire foni kapena mumupeze, mumuuze zimene anachita. Kawirikawiri amadabwa, chifukwa iyeyo ankangoona ngati wakubwerekani makala basi.

Tionana mu vidiyo yotsatira. Ambuye akusungeni.