Katiriji ya MC: muike ma ohm angati pa phono stage?

Takulandirani nonse okonda marekodi! Mwagula katiriji (kachipangizo kokhala ndi singano yowerenga rekodi) ya moving coil, mwachidule MC, mwatembenuza phono stage (kabokosi kokweza mphamvu yochokera ku katiriji), mwapeza timaswichi tolembedwa 100, 470, 1k, mutu wayamba kuwawa. Khalani pansi. Dinani kaye subscribe, tiyambe.

Choyamba, mwachangu. Ngati katiriji yanu ndi MM (moving magnet, mtundu wina wa katiriji), kapena MC yotulutsa mphamvu zambiri ngati Denon DL-110, ikani pa 47k (ma ohm 47,000), nkhani yatha. Lero tikunena za MC zotulutsa timphamvu tochepa, 0.3 mV kapena chapomwepo.

Chachiwiri, onani pakapepala ka m'bokosi pomwe alemba internal impedance, omwe ndi ma ohm a katiriji yeniyeniyo. Denon DL-103 yake ndi 40 ohms. Chulukitsani ka 10, muyambire pa 400.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pamandipsetsa mtima. Alipo anthu amene amanena molimba mtima kuti katiriji ya 40 ohms imafuna load (ma ohm amene mumaika pa phono stage) ya 40 ohms, ziyenera kufanana. Bodza limenelo! Katiriji ndi load zimagawana voltage. Mukaika 40 pa 40, theka lathunthu latayika, ndiwo 6 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvuyo), pa kachinthu kamene kamatulutsa kale tochepa. Ndiye mukweza voliyumu, kachiphokoso ka "sssss" nako kakwera, kenako muziti katirijiyo ndi yachabechabe. Pa 100 ohms, pamene a Denon amati musatsike kuposa apo, mumataya pafupifupi 3 dB. Pa 400 simutaya ngakhale 1 dB. Mwaona?

Nanga bodzali likuchokera kuti? Ine ndimakayikira ma step-up transformer (matransifoma okweza voltage ya MC) akale, aja olembedwa 3Ω ndi 40Ω kutsogolo. Manambala amenewo akunena mtundu wa katiriji yoyenera kulumikizapo, osati load imene katirijiyo ikumane nayo. Amene munauzidwapo bodzali m'sitolo, lembani m'munsimu ndikuwerengeni.

Chachinayi, inu ogwiritsa ntchito transifoma: ya 1:10 yolowa pa 47k, gawani 47,000 ndi 100 (10 kuchulukitsa ndi 10), mupeza load ya 470 ohms.

Kenako khutu lanu ligamule. Tengani rekodi imodzi yomwe mumaidziwa bwino. Mawu akamveka ofooka ngati oimba ali ndi tulo, kwezani ma ohm. Akamalasa m'makutu, tsitsani pang'ono. Koma chonde tsitsani voliyumu musanakhudze swichi, masipika ndi odula. Vidiyo ya tracking force (kulemera kwa singano pa rekodi) ili pakonapo, dinani.