Nkhoko za poto wa pa maliro

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Ine ndadzuka, kungoti zikhadabo zatha ndipo msana ukundikumbutsa za Lachiwiri.

Yohane 13:3-5. Mukuidziwa, sindichedwapo. Ambuye ananyamuka pa mgonero, navula malaya, nadzimanga chopukutira m'chiuno. Mawu anga m'mawa uno ndi amodzi okha: tengani poto musanatumidwe.

Zaka 9 ndakhala wapampando wa amayi ku mpingo kwathu. Loweruka lapitali kunali zisankho ndipo ndinagwa. Ndinaomba nawo m'manja, ndinamwetulira, koma mumtima munali utsi wokhawokha. Lachiwiri kunagwa maliro m'dera lathu. Wapampando watsopano, mwana amene ndinamulangiza ndekha pa ukwati wake, pogawa ntchito anagwada nati, "Amayi, inu mutithandize kumapoto." Kumapoto! Ine amene maliro aliwonse ndinkakhala m'nyumba pafupi ndi anamfedwa, kuyambitsa nyimbo, nsima yanga kubwera m'bakuli. Anandipatsa poto wamkulu uja wophikira nsima ya adzukulu, nkhoko zake zakuda bii, zomatirira ngati simenti. Ndinakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, mchenga uku, phulusa uku, ndikukwecha ndi mkwiyo.

Madzulo ake ndinadandaulira mwana wa mchemwali wanga amene akuphunzira ku Punjab, m'dziko la India. Ndinkafuna andipepese. M'malo mwake ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: bambo wa ndevu, nduwira kumutu, atakhala pa njinga ya olumala pa chipata, mkondo m'manja, chikwangwani chili m'khosi. Pansi pake analemba kuti, "Amayi aakulu, awatu anali achiwiri kwa mtsogoleri wa chigawo chonse chino."

Bambowo ndi a Sukhbir Singh Badal, a chipembedzo cha Chisikh. Atate awo, a Parkash Singh Badal, anayamba ngati mkulu wa bwalo la mudzi wawo mu 1947, nakwera mpaka kukhala nduna yaikulu ya Punjab kasanu: 1970, 1977, 1997, 2007 ndi 2012. Chipani chawo cha Shiromani Akali Dal chinafika pokhala ngati munda wa banja, ndipo mwana wawoyu anali wachiwiri wawo m'boma kuyambira 2009 mpaka 2017. Koma mu 2022 mkuluyo, ali ndi zaka 94, anagwa pa chisankho m'dera lake lenileni la Lambi, ndipo chipani chinangotola mipando 3 mwa mipando 117 ya m'nyumba ya malamulo ya Punjab. Chaka chotsatira anamwalira. Nditawerenga pamenepo ndinaseka ndekha. Ine ndikulirira zaka 9 za mpando wa pulasitiki.

Za chikwangwanizo zinachitika mu Disembala 2024. Asikh ali ndi bwalo lawo lalikulu la chipembedzo, Akal Takht, mu mzinda wa Amritsar pa kachisi wotchuka uja wokutidwa ndi golide. Bwaloli linapeza a Sukhbir olakwa pa zimene boma lawo linachita pakati pa 2007 ndi 2017, makamaka nkhani za 2015, pamene buku lawo lopatulika linanyozedwa ndipo apolisi anapha anthu awiri ochita zionetsero ku Behbal Kalan. Chilango chake sichinali ndende kapena ndalama. Anawauza kuti akalondere pa chipata atavala mkanjo wa wantchito, ndiponso akatsuke mbale ku langar, khitchini ya pa kachisi kumene aliyense amadya ulere atakhala pansi, wolemera ndi wosauka mzere umodzi. Anzawo ena amene anali nduna bwaloli linawatuma kukatsuka zimbudzi. Ngakhale atate awo, atamwalira kale, anawalanda dzina laulemu limene bwalo lomweli linawapatsa mu 2011. A Sukhbir mwendo unali wothyoka, koma anapita. Pa 4 Disembala munthu wina anawaombera mfuti pa chipata pomwepo, chipolopolo chinaphonya, ndipo iwo anapitiriza chilango chawo.

Ife ndi Asikh sitipemphera mofanana, koma apa ndinawachitira nsanje. Anthu awa amadziwa kuti mankhwala a munthu wotupa ndi mpando ndi mbale zakuda. Kwathu kuno wamkulu akalakwa timamusamutsa mwakachetechete, mwinanso kumugulira mphatso yotsanzikana.

Komabe taonani bwino. A Sukhbir anatsuka mbale chifukwa anaweruzidwa. Ine ndinakwecha poto chifukwa ndinagwa pa chisankho. Tonse awiri anachita kutikankhira kumadzi. Yesu panalibe bwalo limene linamugamula, panalibe voti imene anataya. Vesi 3 ikuti ankadziwa kuti Atate anampatsa zonse m'manja mwake, ndipo manja omwewo ndi amene anagwira beseni. Tengani poto musanatumidwe, amayi anzanga. Inunso abambo musabisale, ndakuonani pa maliro mutakhala pansi pa mtengo kudikira mbale, ngati manja anu munawasiya kuofesi.

Nkhoko zinandiphunzitsa kanthu Lachiwiri lija. Poto akangophulidwa pamoto n'kuthiramo madzi, nkhoko zimafewa zokha, umangochotsa ndi chikhatho. Koma akakhala padzuwa tsiku lonse, mpaka mchenga, mpaka mpeni, mpaka zikhadabo kutha. Mtima wanga wakhala padzuwa zaka 9. Chaka chilichonse nsima ya ulemu inkaphikidwamo, "Amayi wapampando" uku, "Amayi wapampando" uko, ndipo sindinathiremo madzi ngakhale kamodzi. Sindikukumbukira tsiku limene ndinasesa m'tchalitchi popanda wondiona. Ndiye Mulungu akayamba kukwecha, ndidabwe kuti zikuwawa?

Tsopano ndiulule chimene chandidzutsa 4 koloko. Ndili mkati mokwecha, amayi ena anadutsa nati, "Eee, taonani kudzichepetsa kwa amayiwa." Mukudziwa chimene mtima wanga unachita? Unayamba kuwerengera mavoti a chisankho chikubwerachi. Ndinakokera njerwa yanga poyera pang'ono kuti odutsa azindiona bwino. Manja ali m'phulusa, maso ali pa mpando. A Sukhbir nawonso mu Epulo 2025 anasankhidwanso kukhala mtsogoleri wa chipani chawo, ndipo alipo amene ankati mbale zija zinali ndale chabe. Za mumtima mwawo akudziwa ndi Mulungu, ine ndilibe pakamwa poti ndiwaweruzire. Za mumtima mwanga ndikuzidziwa, chifukwa njerwa ija ndinaikoka ndekha.

Choncho pamene ndikuti tengani poto, sindikunena poto wa pakhomo pa tchalitchi pamene abusa akudutsa. Ndikunena uja wasiyidwa kuseri, anthu onse atapita kumanda, ntchentche zili ng'waa. Kunyumba kwanu alipo. Mwina ndi apongozi odwala amene aliyense akuwazemba kuwasambitsa. Mwina ndi "pepani" amene mwakhala mukumusunga chaka chathunthu chifukwa wolakwiridwayo ndi wamng'ono kwa inu. Thiranimo madzi lero, asanaumirire.

Atate, ndinazolowera bakuli, ndiphunzitseni beseni. Fewetsani zimene zaumira mwa ine, ndipo musalole kuti ndisandutse ngakhale kutsuka kukhala kampeni. Dalitsani mwana uja pa mpando wake, ndipo pakamwa panga pasatuluke mawu omufooketsa. Amen.

Mapoto a mpingo akadali kunyumba ya maliro, ndipo awiri sanayere bwino. Ndikupita kukawatenga 6 koloko ino, anthu asanayambe kuyenda mumsewu. Amene muli ndi wilibala pafupi, mundibwereke, koma musabwere kudzandiona.